Majuzi Amene Ndinalukira Esitere ku Joni

Anthu akamadutsa pakhomo panga ku Kawale n'kundiona nditakhala pakhonde, masipoko a njinga ali m'manja, wulu uli pamiyendo, amati kuluka ndinaphunzira kwa mkazi wanga. Bodza lenileni! Nangozo mumupatse tomato ndi anyezi agulitse, adzakudabwitsani, koma za singano ayi. Batani likathothoka m'nyumba muno wosokerera ndine. Amene anandiphunzitsa kuluka anali mwamuna mnzanga, Msutu wa ndevu zake, wobowola miyala pansi pa nthaka ku Joni.

Ku Joniko ndinapita ngati anzanga onse a kwathu ku Ntcheu, pandege, nditavala nsapato zobwereka. Maulendo oyamba zinkayenda bwino. Unkagwira ntchito, nthawi ikakwana n'kubwera kudzaona banja, kenako n'kubwerera. M'maulendo amenewo ndi momwe tinapezera kamalo ku Kawale n'kumanga zipinda ziwiri. Ulendo womaliza ndinasiya mwana wathu mmodzi yekhayo, Esitere, atangoguluka mano akutsogolo. Anandiperekeza mpaka kumsewu atagwira chala changa, ndipo pomwe ndinkakwera basi anakuwa kuti, "Ababa, mukandigulire juzi yachikasu!"

Kenako zinthu zinasokonekera. Akuluakulu a kuno ndi a kumeneko anasemphana, kulemba Amalawi m'migodi kunatha. Amene wapita kwawo kutchuthi, basi, chitseko chatsekeka kumbuyo kwake. Ambiri anamanga katundu. Ine ndi ena ochepa tinakakamira, tinati tipirire chaka chimodzi chokha kuti malata akwane. Chaka chimodzicho chinabala zinzake. Kangachepe ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala a mathiraki, ndipo uthenga unkabwera wapakamwa, nthawi zonse womwewomwewo: onse ali bwino, akupereka moni.

Moyo wa m'komboni ndisaukometse. Chipinda chimodzi amuna mbwee, mabedi a simenti osanjikizana, mbaula pakati, fungo la majombo ndi fodya. Chisanu cha kumeneko chimang'amba milomo. Tinalimo Amalawi, Asutu, Ashangani, Axhosa, tonse tikumvana m'Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza cha m'migodi. Ine dzina langa linathera pachipata. Kwa aliyense ndinali Nyasa basi.

Tsiku lina mwala unagumuka pansipo n'kundiphwanya mwendo wakumanzere. Za ululu sindinena, aliyense anapwetekapo. Chimene chinandizunza kuchipatala chinali kudikira. Madokotala ankabwera m'mawa, kuvundukula, kudinadina, kunong'onezana, kenako n'kunena kuti, "Tione kaye." Adula kapena sadula? Tione kaye. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkangokhalira kuyang'ana zala za kuphazi ngati zasintha mtundu. Kudya kunandikanika, ndipo ndinayamba kukalipira aliyense, ngakhale wobweretsa tiyi.

Pabedi loyandikana nane panagona Ntate Lebona, atathyoka m'chiuno. Ntate ndi momwe Asutu amaitanira munthu wamkulu. Bambo ameneyu kukacha ankatulutsa mawaya awiri ndi mpira wa wulu, n'kumaluka chipewa akuimba chapansipansi. Zinkandinyansa! Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Ntate, kodi akazi anu anakuthawani? Mwamuna wamkulu ngati inu?"

Sanadzutse ndi mutu womwe. "Kwathu kumapiri mnyamata woweta nkhosa akapanda kuluka chipewa, makutu amathothoka. Nanga iwe Nyasa, ukuyang'ana mwendowo tsiku lonse. Ukauyang'ana ukupola?"

Ndinatukwana m'Chichewa kuti asamve. Iye anangoseka n'kundiponyera mawaya ena awiri pachifuwa.

Ndinawatenga mwamwano, kuti ndimuonetse kuti zimenezi n'zachibwana. Ha! Manja amene ankagwira chitsulo chobowolera thanthwe analephera kaulusi. Timfundo tinkapulumuka, tina tinkathina mpaka waya osalowa. Nditavutika masiku angapo ndinatulutsa kanthu kokhotakhota, kodzaza mabowo, koma ndinakanyadira. Ntate anakayang'ana, n'kugwira nsonga ya ulusi, n'kukoka. Fwaa, zonse zinamasuka ndikuona! Akanakhala kuti mwendo unali bwino ndikanamudumphira.

"Ukulusa chiyani?" anatero. "Wulu uli pomwepa, sunapite kulikonse. Yambiranso."

Ndinayambiranso chifukwa cha mkwiyo. Ndiye tsiku lina ndinangodzidzimuka dokotala ataima pamutu panga, akundifunsa kachiwiri ngati ndamva. Sindinamuone n'komwe akulowa, maso anali pamzere umene ndinkamaliza. Anati mwendo sadula. Ndinathokoza, koma ndikuuzeni zoona, ndinayamba ndamaliza mzerewo.

Ndinatuluka ndikutsimphina, ndi ndodo, ndipo pansi sanandilolenso. Anandipatsa tsache, kusesa m'nyumba yosinthira zovala. Posakhalitsa kunabuka mphekesera yoti mgodi wathu autseka. Lero akuti mwezi wamawa, mawa akuti ayi, azungu ena augula, mkuja akuti achotsa okhaokha olumala ndi akunja. Ine ndinali zonse ziwiri. Mphekeserayo inakhala nafe zaka, ikudya anthu pang'onopang'ono. Amuna olimba anasanduka zidakwa. Ena ankamenyana chifukwa cha sopo. Mnyamata wina wa ku Dedza anamanga katundu wake n'kumagona atatsamira chikwama, mpaka mutu unasokonekera.

Ine ndinapita m'tauni kukagula wulu wachikasu.

Juzi yoyamba ya Esitere inanditengera nyengo yonse yachisanu. Ndinaipereka kwa munthu wina wobwerera kumudzi, ndipo inathera m'njira, mwina ana ake anafunda. Ndiye ndinalumbira kuti zotsatirazo ndidzapereka ndi manja anga. Chisanu chilichonse ndinkaluka imodzi n'kuika m'thiranki. Muyezo ndinkangoganizira. Ndinkakumbukira kamwana kaja kakundigwira chala, n'kuwonjezera zala ziwiri m'lifupi, zala zitatu m'litali, ndikuti chaka chino wakula chonchi. M'mutu ndinkadziwa kuti zaka zikupita, koma manja ankakana.

Anzanga a m'chipinda anandiseka mpaka anatopa. Chisanu chitafika poipa, woyamba kubwera chozemba anali Mshangani wina wamkulu thupi, yemwe ankanditcha mlongo wake. Ankafuna chipewa chophimba ndi makutu omwe. Ndinamuuza kuti mlongo wake alibe wulu, akabweretse juzi yakutha timasule. Kuyambira pamenepo Lamulungu masana tinkakhala padzuwa kuseri kwa khitchini, amuna a ndevu, wina akumasula juzi, wina atatambasula manja kuti ndikulungirepo ulusi, Ntate Lebona akuyang'anira ngati kapitawo. Pamenepo za kutseka mgodi sitinkazitchula. Timakangana za mtundu wa ulusi, ndi za amene ali ndi mutu waukulu kuposa anzake.

Ntate anatsogola kupita kwawo, chifuwa chitamuvuta. Pachipata anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nyasa, timfundo tako ukumathinabe. Masula manja." Sindinamuonenso.

Tsiku limene tinkaliopa litafika, silinali loopsa ngati kudikira kuja. Anatisonkhanitsa, anatiuza kuti mgodi watsekedwa, tinamanga katundu. Ndinabwera pabasi kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, thiranki ili pamwamba, ine maso ali kudenga pa bampu iliyonse.

Lilongwe ndinamupeza wina. Inali nthawi ya matipate, aliyense akuyankhula zandale mokweza pamene ife tinasiya anthu akunong'ona. Maminibasi ali piringupiringu, kaunjika ali mulu m'mbali mwa msewu, anyamata akundiitana kuti madala. Ku Kawale nyumba yanga ndinaidutsa, anachita kundibweza ndi ana. Inali itakula, ya malata, ndi mpanda wa kapinga wouma kumaso. Nangozo anali atanenepa, ali ndi benchi yake kumsika, akuyankhula ngati munthu wozolowera kulamula. Anandilandira bwino, analira, sindinganame. Koma pampando wanga pakhonde panali patakhala mchimwene wake, alamu anga a Zakeyu, ndipo sanasunthe.

"Nanga Esitere ali kuti?"

Nangozo anayang'ana pansi. "Ali ku Chinsapo."

"Sukulu yake ili kumeneko?"

"Ali kubanja, bambo. Tinaopa kukuuzani. Achimwenewa ndi amene anayendetsa zonse."

Ndinangokhala pathiranki.

Mawa lake masana Esitere anabwera. Ine ndinkadikira kamtsikana, koma pachipata panalowa mayi wamtali kuposa amake, chitenje atamangira pamwamba, ali woyembekezera. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wake Makisi, kondakitala wa minibasi, wowonda ngati bango. Esitere anagwada patali, pafupi ndi mpanda, n'kuwomba m'manja.

"Mwayenda bwanji?"

Basi. Moni wopatsa mlendo wodzagula nkhuku. Mawu oti ababa sanatuluke.

Munthu wanzeru akanasiya thiranki ija chitsekere. Koma ine ndinali nditaliyembekezera tsikuli zaka zonse zija, ndipo manja anangopita okha pa loko. Ndinatulutsa majuzi aja imodziimodzi n'kuyala pamphasa, anthu onse akuona, oyandikana nawo nyumba atasuzumira pampanda. Onse achikasu, oyalidwa kuyambira kakang'ono. Yaikulu kwambiri mwina ikanakwana mwana wa sitandade faifi.

"Alamu," anatero a Zakeyu, "mwatsegula kaunjika wa ana?"

"Si wogula ameneyu. Ndaluka ndekha."

Kenako a Zakeyu anaphulika, kuseka mpaka kugwira m'mimba, misozi ili mbwe. "Amayo ine! Anzanu akubwera ndi njinga zamoto, mawayilesi a makaseti awiri, inu mwabwera ndi luso la amayi a kumpingo! Nangozo, taona, wapeza mkazi mnzako!"

Pampanda paja napo kuseka. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni, ndinazizolowera ku komboni. Ndinkayang'ana Esitere. Anasendera, anatola kajuzi kakang'ono kwambiri, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukapinda bwinobwino, n'kukabweza pamphasa.

"Mwana amene munamulukirayu kuno kulibe," anatero mosakweza mawu. "Anadikira, anatopa, anakula."

Anatsanzika amake n'kumapita. Mwala uja sunandipweteke chonchi.

Miyezi yotsatira inali yoipa kuposa ya kuchipatala. Ntchito ndinafunafuna ku Kanengo ndi kwa amwenye m'tauni, koma akangoona ndodo ankati malo kulibe. Nangozo anandipempha kuti ndisamalukire panja, akuti kumsika amayi ayamba kumufunsa ngati ndimatsukanso mbale. Ndiye tsiku lina ndinapeza mawaya anga, omwe aja anandipatsa Ntate, a Zakeyu atamangira chitseko cha khola la nkhuku! Ndinalusa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Koma mawaya anali atapindika kale, ndipo ine ndinatsala ndi manja opanda chogwira, kumangokhala pakhonde ngati katundu woiwalika padepoti.

Ku Chinsapo ndinkapitako ndithu, kutsimphina mpaka kukafika. Esitere ankanditulutsira mpando, kundipatsa madzi, kenako n'kuitana mwamuna wake kuti, "Kwabwera alendo." Iye n'kulowa m'nyumba. Makisi yekha ndi amene ankakhala nane, mwamanyazi, akundifunsa ngati n'zoona kuti pansi pamgodi pamatentha. Pobwerera ndinkadzifunsa ngati mwana ameneyu adzanditchulenso bambo wake ndisanafe. Zina zonse, ntchito, mpando wa pakhonde, kusekedwa, sindinkazilabadira. Ndinkafuna chimenecho basi.

Mwezi wa Juni, m'mawa wina wa mphepo yolowa m'mafupa, Makisi anatulukira akuthamanga, malaya atavala chotembenuza.

"Madala! Amayi ali kuti? Esitere wachira, koma masiku sanakwane. Kunatsala miyezi iwiri!"

Tinakwera minibasi tonse atatu. Kuchipatala amuna malire athu anali panja. Kuseri kwa chipinda cha ana obadwa masiku osakwana kunali mtengo waukulu, pomwe amayi odikirira odwala ankaphikira ndi kuchapa. Ine ndi Makisi tinaima chapatali ngati akuba. Patapita nthawi Nangozo anatuluka, nkhope itagwa.

"Ndi mwamuna. Koma n'kochepa, bambo, n'kochepa zedi. Ine sindinaonepo."

"Anamwino akuti bwanji?"

"Akuti tione kaye."

Mawu omwe aja! Anandipeza ndi kuno komwe. Nangozo anapitiriza kuti anamwino anena kuti chachikulu n'kutentha, mwana asazizidwe, makamaka kumutu. Koma zipewa zonse zimene Esitere anagula pakaunjika zinkamira mpaka pachifuwa, ndipo kansalu akamukulunga kankangovuka.

"Mutu wake ndi waukulu bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako anapita kwa mayi wogulitsa malalanje pachipata, anasankhasankha, n'kubwera ndi kalalanje kakang'ono. "Chonchi."

Ndinaliika m'thumba. Sindinatsanzike munthu. Panjira ndinaima kwa wokonza njinga n'kupempha masipoko akutha, ndinawadula, n'kunola nsonga pasimenti ya ngalande mpaka zinasalala. Kunyumba ndinatsegula thiranki, ndinatenga kajuzi kamene Esitere anapinda kaja, n'kubwerera kuchipatala dzuwa lisanafike pamutu.

Makisi ndinamupeza pomwe ndinamusiya, akuzungulirazungulira, ndudu ili m'zala. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi, koma tsiku limenelo ndinalibe nazo ntchito.

"Taya fodyayo. Khala apa. Tambasula manja."

"Madala, pano? Pagulu?"

"Ndati tambasula!"

Tinakhala pamuzu wa mtengo uja, pakati pa amayi ndi mapoto awo. Ndinadula mfundo ya m'munsi n'kukoka, juzi ija n'kuyamba kumasuka, ine ndikukulunga ulusi m'manja mwa mkamwini wanga. Ntchito ya chisanu chathunthu inatha m'kanthawi kochepa, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Pofika pakati ndinaona kuti Makisi wakhazikika. Ankayang'anitsitsa ulusi kuti usakodane.

Amayi aja anayamba ndi kugwirana m'nthiti. "Taonani abambo awa, anthuni!" Wina anaitana mnzake kuchokera kumpopi kuti adzaone malodza. Ine phee, lalanje lili pabondo, masipoko akulira. Ndinakumbukira mawu a Ntate, ndinamasula manja, kuti kachipewa katuluke kofewa. Dzuwa likupendeka ndinaliveka lalanje lija, ndipo kanakwana ndendende. Kuseka kunali kutatha kalekale, amayi ataima mozungulira.

Gogo wina wa ku Mitundu anapukusa mutu. "Chinthu choluka mwamuna, wochokeranso kutali, kukaveka khanda la lero? Mumusempha mwanayo."

Nangozo anandinong'oneza kuti, "Ndikanena kuti ndaluka ine."

"Kanene zimene ukufuna, bola chikafike pamutu."

Nangozo anakachapa ndi madzi otentha kuti gogo uja akhutire, anakaumitsa pamoto, n'kulowa nako. Potuluka anadzakhala pambali panga, chinthu chimene anali asanachite chibwerereni.

"Sindinanamenso. Esitere wauzindikira wulu."

"Ndiye wati chiyani?"

"Sanayankhule. Wamuveka."

Kuyambira tsikulo pamuzu paja panasanduka pantchito panga. M'mawa uliwonse ndinkafika ndi juzi ina ya m'thiranki. Ndinaluka timasokosi tokwana chala changa chachikulu, kenako kabulangete. Mayi wina anabwera mwamanyazi, akuti mdzukulu wake nayenso ali m'chipinda chomwecho, kodi sindingamuthandize? Mawa lake anabwera ena. Ndinawauza zomwe ndinauza Mshangani uja, kuti amene akufuna agwire ulusi. Posakhalitsa wokonza njinga uja masipoko akutha anamuthera, ndipo amayi amene ankangokhala kuyang'ana chitseko cha chipinda chija tsiku lonse anali atawerama, akukangana za timfundo. Gogo wa ku Mitundu yemwe uja ndiye anali wophunzira wanga wouma mutu kwambiri. Ndinamumasulira kachipewa kake konse akuona, ndipo anandinena mawu oti sindingawabwereze.

Nangozo ankati ukasuzumira m'chipindamo umangoona timitu tachikasu mzere wonse.

A Zakeyu anabwera tsiku lina ndi fulasiki ya phala. Ataona gulu lija, ine ndili pakati, anafuna kubwerera chakumbuyo. Mayi wina anawafunsa ngati akundidziwa. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Eee, ndi alamu anga amenewo. Anakaphunzira kunja."

Sikuti zonse zinali zoseketsa. M'mawa wina mtsikana wa ku Area 23 anatuluka m'chipinda muja atagwira kachipewa kamene ndinalukira mwana wake. Anadzaima patsogolo panga, n'kukaika pabondo langa. Kumbuyo kwake amayi anayamba kulira. Tsiku limenelo ndinaluka osadzutsa mutu, chifukwa ndikanangosiya ndikanayamba kuganiza, ndipo ndinkadziwa kumene maganizowo akanandifikitsa. Za mdzukulu wanga uthenga unali womwewo. Lero wayamwa pang'ono, lero wabweza, lero tione kaye. Lalanje lija linafota m'thumba, koma sindinalitaye.

Esitere nthawi yonseyi sindinamuone. Ankagona mkati, pafupi ndi mwana, ndipo sanatumizeko ngakhale moni.

Ndiye linafika tsiku lija. Kunali kutangotuluka kadzuwa, ine ndikuonetsa mayi wina potsekera chipewa pamwamba. Nditadzutsa mutu ndinaona Esitere akubwera pang'onopang'ono, atawonda, atafunda chitenje. M'dzanja lake munali kachipewa kachikasu, koyamba kaja.

Masipoko anagwa pansi. Ndinali nditaonapo kale mayi akutuluka ndi chipewa m'manja. Ndinafuna kuimirira, mwendo unakana. Mumtima ndinati, Mulungu, ndiye mwanditengera zonse.

Anafika, n'kugwada, osati patali ngati tsiku lija, koma pafupi mpaka bondo lake linakhudza ndodo yanga.

"Ababa."

Ndinayang'anitsitsa kachipewa kaja m'dzanja lake.

"Ababa, chathina. Chikumusiya mzere pachipumi. Anamwino akuti mulukenso chokulirapo."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndimangokumbukira ndodo ili uko, ine ndili pakati pa mapoto a eni ake ndikuponda ngoma ya kwathu ku Ntcheu ndi mwendo womwe madokotala ankafuna kudula uja, ndikukuwa kuti, "Chathina! Chathina, anthu inu!" Nthungululu zinalira mpaka mlonda anabwera kudzatiletsa. Makisi anathamangira kuchipata n'kubwera ndi lalanje lalikulu kuposa onse, atalinyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira. Esitere ankaseka uku akulira, ndipo ine ndinalira poyera, mwamuna wamkulu, osabisa nkhope. Zaka zonse zija ndinkaluka zinthu zochepera mwana wanga n'kukhala chitonzo. Tsiku limenelo chinthu changa chinachepanso, ndipo sindinakondwepo chotero chibadwire.

Mwanayo atatuluka anandipatsa ine kuti ndimutche dzina. Ndinati Lebona. Akwawo kwa Makisi anafunsa kuti limatanthauza chiyani, ndinawauza kuti limatanthauza munthu amene anandiponyera mawaya. Masiku ano ku Chinsapo amangomuti Lebo, ndipo mutu wake ndi waukulu moti zipewa zake ndimayezera pa dzungu.

Ntchito sindinakafunenso. Amayi a pansi pa mtengo aja anabalalika ndi mbiri yanga ku Biwi, ku Mgona, mpaka ku Area 25. Nangozo yemwe ankati ndikumuchititsa manyazi anasuntha tomato wake n'kundipatsa theka la benchi, ndipo ndi iye amene amadzuka m'mawa kukasankha majuzi obooka pakaunjika kuti timasule. Alonda a m'tauni amafuna zipewa zophimba makutu, makondakitala amafuna za mitundu ya matimu awo. A Zakeyu nawo ali nacho chawo, chobiriwira, ndipo mpando wa pakhonde anausiya okha osauzidwa.

M'thiranki munatsala juzi imodzi, yaikulu ija. Loweruka lina masana ndili pakhonde, Esitere anafika ndi mwana kumsana. Analowa m'nyumba osandifunsa, ndinamva thiranki ikutsekulidwa. Anatuluka ndi juzi ija pamodzi ndi mipira ina ya wulu wachikasu imene anagula yekha m'tauni, n'kuziika pamiyendo panga. Mwana anapatsira amake. Kenako anaima patsogolo panga, mayi wamtali uja, n'kutambasula manja onse awiri.

"Juzi yanga ija, ababa, ndikuidikirabe. Koma ulendo uno muyambe mwandiyeza."